Piritsi la pansi pa lilime lisamwedwe mwachisawawa

Nkhani ina ya matenda a mtima imene ndawerenga yanena zoona kuti amene anadwalapo mtima asamasiye mankhwala, koma za piritsi la GTN, loika pansi pa lilime pochepetsa ululu wa pachifuwa wobwera ndi matenda a mtima, yangodutsapo.

Pachifuwa pakayamba kuthina, khalani pansi kaye, chifukwa piritsili limatsitsa BP ndipo mutha kuchita chizungulire n'kugwa. Ikani limodzi pansi pa lilime, osameza. Pakatha mphindi 5 ululu usanathe, ikani lachiwiri. Ukapitirira mphindi zina 5, kapena mukutuluka thukuta lozizira ndi kubanika, wina athamange nanu kuchipatala, musayendetse nokha galimoto. Abambo amene amwa Viagra m'maola 24 apitawo asalikhudze n'komwe, BP imagwa moopsa. Mapiritsiwa amasuluka msanga, choncho asungeni m'kabotolo kake kagalasi, ndipo pakatha masabata 8 chitsegulireni katengeni ena.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zopha ululu monga Brufen ndi diclofenac zongogula pagolosale. Zikaphatikizana ndi aspirin, amene odwala mtima ambiri amamwa, zimayambitsa zilonda zam'mimba zotuluka magazi, komanso zimalemetsa mtima. Mutu ukapweteka, Panado ndi wokwanira.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma. Soda wa mu therere nayenso muchepetse.