Mwapita ku Joni, nanga code mwasiyira ndani?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Anzanga olemba mapulogalamu a pakompyuta, pali khalidwe lina lomwe tikulilekerera, ndipo likutivula ulemu tonsefe.

Sabata ino mayi wina yemwe ali ndi loji m'mbali mwa nyanja, mumsewu wopita ku Monkey Bay, anandiimbira foni mawu akunjenjemera. System yosungitsira zipinda yasiya kutseguka. Mwezi wake ndi uno wa Okutobala, pa 15 ndi Tsiku la Amayi, ndipo aliyense wa kuno ku Mangochi akudziwa momwe anthu a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe amakhamukira kunyanja tsiku limeneli. Ena analipira kale theka pa Airtel Money ndi Mpamba. Walipira ndani, wasungitsa chipinda chiti, afika liti, zonsezo zili mu system yakufayo.

Nditafika ndinafunsa kuti, "Mayi, code ya system imeneyi ili kuti?" Iwo akuti, "Code ndiye chiyani achimwene?" Code, malemba omwe amapanga pulogalamuyo, sakuidziwa n'komwe. Password ya seva, kompyuta yomwe system imakhalamo pa intaneti? Alibe. Domain, adiresi ya bizinesiyo pa intaneti, inalembetsedwa m'dzina la ndani? "Zonsezo ankadziwa ndi mnyamata uja anatipangirayo." Mnyamatayo ali kuti? Ali ku Joni. Nambala yake ya kuno sikugwira, pa WhatsApp uthenga ukungochongedwa kamodzi.

Kupita ku Joni si mlandu, kuno kwathu ndi mabanja angati alibe wawo kumeneko? Mlandu ndi kulonga ntchito ya mwini mu laputopu yako n'kukadutsa nayo pachipata cha Mwanza ngati ndi zovala zako.

Ndinene momveka: pulogalamu yomwe ungathe kuikonza ndiwe wekha basi, imeneyo sinathe. Ngakhale izigwira bwino chotani, ngakhale mabatani ake akongole chotani, ngati mnzako sangakhale pampando wako n'kupitiriza pomwe unasiyira, unalandira ndalama ya ntchito yosamaliza. Mmisiri atakumangira nyumba, iwe n'kumulipira yonse, iye n'kukhoma zitseko n'kunyamuka ndi makiyi, ungamutche dzina lanji? Koma ifeyo tikachita zomwezo anthu amangoti ndi mmene a IT amachitira.

Zomwe ndinapeza zokha ndi zamanyazi. Domain inatha nthawi, ndipo makalata onse okumbutsa kuti ilipiridwe ankapita ku Gmail ya mnyamatayo, chifukwa zonse anatsegula m'dzina lake. Pakompyuta ya polandirira alendo panali mafoda atatu, system_final, system_final2 ndi system_final_yeniyeni, koma palibe wodziwa kuti yofanana ndi zomwe zili pa seva ndi iti. Mkati mwa fayilo ina ya code password ya database, nkhokwe yosunga zonse za alendo, yalembedwa poyera. Mzere ngakhale umodzi wofotokoza kuti ichi chimachita chiyani, mulibe.

Domain sitigula, timachita lendi pachaka, ndipo zambiri zimalipiridwa m'madola. Ikatha pamakhala kanthawi kochepa koti uilipire, pakadutsa apo uyenera kuiwombola pamtengo wokwera, ukachedwabe aliyense padziko lapansi atha kuitenga. Ndiye taganizani, madola akusowa chonchi, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu azikawombola dzina la bizinesi yake yomwe chifukwa wina sanamuuze tsiku lolipira. Tsiku lokha! Kulemba tsiku papepala kumafuna digiri?

Musandiuze za ndalama. Git, pulogalamu yosunga code ndi zonse zomwe mwasinthamo, ilipo kuyambira 2005 pomwe Linus Torvalds anailemba, ndipo ndi yaulere. Pa GitHub, webusaiti yosungirako code ya mu Git, kusunga code mwachinsinsi ndi kwaulere kuyambira 2019. Musandiuze za bandulo, code ndi malemba chabe, ka video kamodzi ka pa TikTok kamadya data yoposa yomwe mungakankhire ku GitHub ntchito ya tsiku lonse. Musandiuzenso za magetsi ndi netiweki. Git imasunga zomwe mwasintha pakompyuta panu pomwepo popanda intaneti, netiweki ikabwera mumangokankha. Kaya muli ku Makanjira, kaya ku Namwera, chifukwa palibe.

Ndipo zomwe ndikupemphazi si buku ayi, ndi tsamba limodzi. Domain ili kukampani iti, imatha liti. Seva ili kuti, amalowamo bwanji. Backup, kope yosungidwa padera, imapita kuti, ndipo zinthu zikavuta imabwezeretsedwa motani. Akaunti zonse zitsegulidwe ndi imelo ya bizinesiyo, osati yanu. Lembani m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chingerezi chothyokathyoka, zilibe kanthu, bola wobwera pambuyo panu awerenge n'kumva. Mupereke tsambalo m'manja mwa mwini wake tsiku lomwe mukulandira ndalama yomaliza. Popanda tsamba limenelo ntchito sinathe, ndabwerezanso.

Ndikudziwa, ena amabisa dala poopa kuti sadzalipidwa yotsala, ena akufuna kuti aziitanidwa okha mpaka kalekale. Zimenezo si nzeru, ndi kugwira munthu pakhosi.

Pa 31 Januwale 2017 injiniya wina wa kampani ya GitLab, yosungira anthu code ngati GitHub, anafufuta database yeniyeni mwangozi. Atathamangira ku backup anapeza kuti njira zawo zisanu sizikugwira monga ankaganizira. Chinawapulumutsa ndi kope yomwe inatengedwa maola pafupifupi 6 ngoziyo isanachitike. Koma taonani zomwe anachita: analemba zonse poyera, chomwe chalakwika ndi momwe akukonzera, mpaka kukonzako anakuonetsa pa YouTube dziko lonse likuonerera. Kampani yaikulu ngati imeneyo kuyala zonse pambalambanda, iwe wa ka system ka loji imodzi ukubisa chiyani? Muli golide mu code yakoyo?

Komanso zomwe wanyamulazo si zako. Mu database ya loji muli mayina a alendo, manambala a foni, ena mpaka manambala a mapasipoti. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wa anthu, ndipo woliyang'anira ndi MACRA. Uthenga umenewo uli mu laputopu yomwe mwina pano yagulitsidwa kale pamsika wina ku Johannesburg.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene ukusiya chisokonezo lerowe, tsiku lina adzakuitana kuti ukakonze system yomwe mwini wake anathawa, udzatsegula foda, udzapeza final2, udzatukwana. Ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti akapsa chonchi eni mabizinesi saloza munthu mmodzi, amati anyamata a kuno ndi osadalirika, ntchito yotsatira n'kukapereka ku kampani ya ku Lilongwe pamtengo wowirikiza. Timaluza ndi ife otsala.

Nanunso eni mabizinesi musaseke. Mumasankha wotchipa kuposa onse, osalemberana kalikonse, osafunsa kuti password ili kuti, bola mwaona logo yanu pasikirini mwakhutira. Galimoto simungagule popanda blue book, koma system yosunga ndalama zanu zonse mumalandira chimanjamanja. Kenako zikafa mumatumiza voice note ya mphindi zisanu pakati pa usiku, "Achimwene tangobwerani mudzaone, ndi kanthu kakang'ono, sikangakutengereni nthawi." Tikatchula mtengo mumati tadula, ati si kungodinadina pakompyuta basi. Mafuta a njinga yamoto kuchoka pa boma kukafika ku Cape Maclear mukuwadziwa mtengo wake inu?