Musamuweruze Chiwetel Ejiofor ndi Chichewa chake chokha

Dzulo pa gulu lathu la WhatsApp wina watumizanso kachigawo ka filimu ya Chiwetel Ejiofor ya The Boy Who Harnessed the Wind, anthu n'kuyamba kuseka: "Tamvani Chichewa cha mkuluyu!" Zandikhudza, ndiye ndati ndinenepo zanga.

Inde, lilime limamulemera, mawu ena sakumveka bwino. Sindikukana. Koma munthuyu anabadwira ku London mu 1977, makolo ake ndi a Chiigbo ochokera ku Nigeria, ndipo akanatha kupanga filimu yonseyo m'Chingerezi popanda womufunsa. Iye, monga wotsogolera filimuyo, anasankha kuti a Trywell Kamkwamba, bambo omwe iye akusewera, akalipire mwana wawo William m'chilankhulo cha ku Wimbe, anadzajambulira ku Kasungu, natenganso Lily Banda wathu. Zimenezo pazokha n'zoyenera ulemu.

Chomwe ambirife sitikuchiona n'chakuti Ejiofor ndi mwana wa pasiteji. Mu 1995, ali ndi zaka 18 zokha, anali atasewera kale Othello, sewero la Shakespeare. Atangoyamba sukulu ya zisudzo ya LAMDA, Steven Spielberg anamutenga kukasewera mu filimu ya Amistad ya 1997. Wina akanangokhazikika ku Hollywood basi, koma iye anabwerera. Mu 2000 anali ku National Theatre mu Blue/Orange. Mu 2007 anaseweranso Othello ku Donmar Warehouse, kaholo ka mipando 251 chabe, Ewan McGregor ali Iago, mdani wa Othello, ndipo analandira mphoto ya Olivier. Ngakhale mu 2013, chaka chomwe filimu ya 12 Years a Slave inatuluka, iye anali ku Young Vic akusewera ngati Patrice Lumumba.

Pasiteji palibe zoti "tiyambirenso". Wokhala mpando wakutsogolo amamva ndi mpweya wako womwe, ndiye umaphunzira kulankhula ndi thupi lonse. Kumbukirani mu 12 Years a Slave pomwe Solomon Northup, kapolo yemwe Ejiofor akusewera, amupachika pamtengo, zala zakumapazi zikungokhudza matope, ana akusewera chapatali ngati palibe chachitika. Nthawi ikupita, iye osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe, koma woonerawe umayamba kubanika. Mphoto ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA anapata. Oscar inapita kwa Matthew McConaughey, ndipo ine mpaka lero sindinavomereze.

Luso lomwelo ndi lomwe anabwera nalo kwa ife. Yang'anani nkhope yake pomwe William akupempha njinga kuti aiphwasule apangire makina ake oyendera mphepo. Muli mkwiyo, inde, koma pansi pake pali manyazi a bambo yemwe nkhokwe yake yauma ana akumuyang'ana. Ejiofor anataya bambo ake pa ngozi ya galimoto ku Nigeria ali ndi zaka 11, iye ali momwemo, ndipo chipsera chili pamphumi pakecho n'cha tsiku lomwelo. Ine ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake ubambo amausewera mosamala chonchi.

Njala ya 2002 ndinaiona ndi maso anga. Bambo anga ankati nsima ikafika pamphasa amadzuka n'kunena kuti adya kale kwa anzawo, n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka ife titamaliza. Nkhope yomwe ankabwerera nayo ndinadzaionanso mu 2019, pa foni, itavalidwa ndi munthu wa ku London. Ndinaimitsa kaye filimuyo n'kuwaimbira bambo.