Madalaivala a mipikisano, lekani kulowa pakona mwachimbulimbuli

Tamverani ana inu amene mwayamba kuthamangitsa galimoto za mpikisano, kaya mukadali pa timagalimoto ta kart kaya mwakwera kale, pamodzi ndi inu ochemerera. Pali khalidwe lina lomwe lakula ndipo likundidetsa nkhawa. Munthu ali kutali m'mbuyo, waona kampata, basi wachedwetsa mabuleki n'kudziponya mkati mwa kona, mumtima akuti mnzakeyo aona yekha chochita: andipatse njira, apo ayi tigundana. Ena mukuti kumeneko n'kulimba mtima. Kumeneko n'kuseweretsa moyo wa mwana wa eni.

Galimoto ziwiri zikagundana wina akupitirira mnzake, ine ndimayamba kufunsa wobwera m'mbuyoyo, chifukwa ndiye amene akuona zonse. Wakutsogolo thupi lazimira m'galimoto, mutu uli m'chipewa, khosi silitembenuka bwino, ndipo zonse za m'mbuyo akuzionera pa timagalasi tiwiri tonjenjemera. Pa liwiro la makilomita 300 pa ola, galimoto imadutsa mamita oposa 80 pa sekondi imodzi. Akakuonani pagalasi muli kutali, iye maso amabwerera kutsogolo n'kuyamba kukhota. Inu mukatulukira pambali pake nthawi imeneyo, mukuyembekeza kuti apite kuti?

N'chifukwa chake a FIA, bungwe loyendetsa Formula 1, mpikisano waukulu wa galimoto padziko lonse, anaika poyera kuti wopitirira chamkati akhale atafikitsa matayala ake akutsogolo pagalasi la mnzake pofika pakatikati pa kona, galimoto ili m'manja mwake, ndipo athe kukhota osatuluka mumsewu. Kungolowetsa kamphuno ka galimoto sikukupatsani kona.

Taonani zimene zinachitika pabwalo la mpikisano la Silverstone ku England mu 2021. Lewis Hamilton analowa chamkati pakona ya Copse, kona yothamanga koopsa, ndipo tayala lake lakutsogolo linakhudza lakumbuyo la Max Verstappen. Kungokhudza chabe. Galimoto ya Verstappen inazungulira n'kukamenya mpanda wa matayala ndi mphamvu ya 51G, kutanthauza kulemera kwa thupi kuchulukitsa ka 51, mwiniwake mpaka kukapimidwa kuchipatala. Oweruza anapeza kuti mbali yaikulu ya mlandu inali ya Hamilton, namupatsa chilango cha masekondi 10. Chaka chomwecho ku Monza, ku Italy, zinatembenuka. Verstappen anakakamira pakona yopapatiza pomwe mpata unali utatha, galimoto yake inakwera pamwamba pa ya Hamilton, tayala lakumbuyo n'kutsamira pamutu pa munthu. Chinamutchinjiriza ndi halo, chitsulo chozungulira mutu wa dalaivala chija chinayamba mu 2018, chomwe ambiri ankachinyoza kuti chikuipitsa galimoto. Apa wopezeka ndi mlandu waukulu anali Verstappen, ndipo anamubweza malo 3 poyambira mpikisano wotsatira. Onsewa ndi akatswiri adziko lonse. Ngati iwo amaphonya muyezo, nanga inu mwayamba dzana?

Musaganize kuti wakutsogolo ndamumasula. Lamulo limalola kusuntha kamodzi kokha potchinga njira, ndipo mukabwerera kumzere wanu muyenera kusiya mpata wokwana galimoto imodzi. Kupeperuka uku ndi uku, kapena kukhotera mnzanu pamene nonse mwaponda kale mabuleki, ndi nkhanza, pakuti galimoto yomwe ili pamabuleki amphamvu singazembe. Ku Hungary mu 2010 Michael Schumacher anapanikizira Rubens Barrichello kukhoma la simenti ali pa liwiro lalikulu, malo otsala pakati pa tayala ndi khoma anali ochepetsetsa. Schumacher anamubweza malo 10 poyambira mpikisano wotsatira, ndipo mwiniwake anapepesa. Bambo yemweyo mu 1997 ku Jerez, ku Spain, anakhotera dala Jacques Villeneuve pofuna kutenga ukatswiri wa chakacho, mapeto ake anachotsedwa pamndandanda wa chaka chonse. Zoterezi si ngozi. Ngakhale Ayrton Senna, amene ambirife timamulemekeza, analakwa kwambiri pogunda Alain Prost pakona yoyamba ku Suzuka, ku Japan, mu 1990, ndipo chikho cha chaka chonse chimene anatenga tsikulo sichifafaniza zimenezo.

Zilipo ngozi zina zomwe oweruza amangoti zachitika mumpikisano, palibe wolangidwa. Ndiye ena mwatenga mawu amenewa ngati pobisalira. Kumbukirani Gilles Villeneuve, bambo ake a Jacques, ku Zolder, ku Belgium, mu 1982. Anapeza Jochen Mass akuyenda pang'onopang'ono. Mass anasunthira kumanja kuti amupatse njira, Villeneuve nayenso anasankha kumanja komweko. Palibe anafunira mnzake zoipa. Ferrari ya Villeneuve inagunda galimoto ya Mass n'kuuluka, munthu anaponyedwa kunja, anamwalira usiku womwewo. Matayala a galimoto zimenezi ali poyera, akakhudzana limodzi limakwera pa linzake, galimoto n'kunyamuka. Ngati kusamvana kwa anthu awiri amtima wabwino kunatha chonchi, nanga inu mumalowa mukudziwa kuti mpata palibe mukufuna chiyani?

Chilango chilipo. Mu Formula 1 mukakwanitsa mapointi 12 a chilango m'miyezi 12 mumakhala panja mpikisano umodzi, monga zinamuchitikira Kevin Magnussen mu 2024 atagundana ndi Pierre Gasly ku Monza. Koma ine sindikhutira nazo, chifukwa masekondi 10 sabweza msana wothyoka. Galimoto zamakono n'zolimba, inde, ndipo kulimbako ndi kumene kwakupusitsani. Mwaona anthu akutuluka m'zibenthu akuyenda okha, ndiye mwayamba kuyesa kuti imfa inachoka m'masewerawa.

Inunso makolo ndi aphunzitsi amene mumaima kumpanda, mwana wanu akagunda mnzake musamathamangire kwa oweruza kukamukanira mlandu. Khalani naye pansi, muonere limodzi kanemayo, muimitse pomwe mnzakeyo anayamba kukhota, mumufunse kuti matayala ake akutsogolo anali pati. Akakhala kuti anali asanafike pagalasi, mutengeni padzanja akapepese.