Musanaitanitse maphunziro a Agile, yambani mwayesa backup

Ma SACCO, makoparetivi a mpunga ndi mabungwe ena kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota ali ndi masisitimu a pa kompyuta awoawo, olembedwa ndi anthu awiri kapena atatu. Sisitimu ikayamba kuvuta, mabwana amathamangira maphunziro a Agile, njira yopangira mapulogalamu a kompyuta m'zigawo zing'onozing'ono, ena mpaka kutchula CMMI, muyezo woonera momwe bungwe limayendetsera ntchito yopanga mapulogalamu. Ine ndikuona kuti ambiri sanakonzeke, ndipo ndalama za maphunzirozo zimangolowa m'madzi.

CMMI inachokera ku Software Engineering Institute ya ku Carnegie Mellon, ili ndi milingo 5, ndipo imalemera kwa gulu laling'ono. Gulu la anthu osapitirira 25 lili ndi muyezo wakewake, ISO/IEC 29110. Koma musanautsegule n'komwe, chitani izi.

Tengani backup ya dzulo, kutanthauza kope losungidwa la zomwe zili m'sisitimu, muibwezeretse pa kompyuta ina, muone ngati ndalama za mamembala zikufanana ndi zomwe zili m'sisitimu yeniyeni. Apa ndi pamene zimaululika: backup ili pa hard disk yomweyo ya seva (kompyuta yomwe sisitimu imakhalapo), kapena magetsi anathima ikukopedwa ndiye fayilo ndi yoduka. Funsaninso komwe code, zolemba zomwe zimapanga pulogalamuyo, imakhala. Ngati ili pa laputopu ya munthu mmodzi osati pa Git (chida chosungira code ndi mbiri ya kusintha kwake), tsiku lomwe adzasiye ntchito adzapita ndi sisitimu yonse.

Kenako tsatani zinthu 10 zomwe zasinthidwa m'sisitimu posachedwapa. Anapempha ndani, anavomereza ndani, anayesa ndani, anayesera pati? Yankho likakhala lakuti abwana anatumiza voice note pa WhatsApp, wolemba pulogalamu n'kusintha pa seva yomwe makashiya akugwiritsa ntchito, ndiye kuti vuto lili pa kayendetsedwe ka bungwe. Scrum, imodzi mwa njira za Agile, imafuna munthu mmodzi wokhala ndi mphamvu yosankha chomwe chiyambe kupangidwa, woti azipezeka pa sprint (chigawo chachifupi cha ntchito) iliyonse, kaya ndi ya masabata awiri. Abwana akakana kupatula nthawi imeneyo, musayambe.

Pitaninso pa kauntala. Kashiya akamalembabe zonse m'buku lapambali, sakuikhulupirira sisitimuyo, ndipo ali ndi chifukwa. Mumufunse modekha, amadziwa pomwe imalakwitsa kuposa aliyense.

Nthawi nayo muisankhe bwino. Koparetivi isasinthe kagwiridwe ka ntchito m'nyengo yokolola ndi kugula mpunga, alimi atandanda pa sikelo. Dikirani ntchito ichepe, muyambe ndi Git, seva yoyesera, ndi fomu ya tsamba limodzi yopemphera kusintha.