Nkhani ya fedulo si yogawa dziko: maganizo anga

Ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, koma kwathu ndi ku Dedza. Ndayamba ndi zimenezi kuti amene amathamangira kunena kuti fedulo ndi nkhani ya Atumbuka okha adziwiretu kuti akuwerenga maganizo a Mchewa. Anthu a kuno akamadandaula kuti chilichonse chimagamulidwa ku Lilongwe amanena zoona, ndipo dandaulo lomwelo ali nalo munthu wa ku Nsanje, wa ku Mchinji, ngakhalenso wa kwathu komwe likulu lili pafupi.

Chimandipweteka n'chakuti wina akangotchula fedulo, anzathu ena amalumpha n'kuyamba kukuwa kuti akufuna kudula dziko. Ayi ndithu. Mu ulamuliro wa fedulo dziko limakhala limodzi, mbendera imodzi, kwacha imodzi, asilikali amodzi. Boma lalikulu limasunga chitetezo, malire, ndalama ndi ubale ndi maiko akunja. Koma sukulu, zipatala, misewu ya m'madera ndi gawo la misonkho zimakhala m'manja mwa atsogoleri osankhidwa ndi anthu a komweko. Ndipo pagona nkhani ndi apa: mphamvu zimenezo zimalembedwa m'malamulo aakulu a dziko, moti mtsogoleri sangadzuke m'mawa n'kuzilanda chifukwa dera lina silinamuvotere. America ili ndi zigawo 50, Nigeria 36, Switzerland 26, ndipo onsewa akadali maiko amodzi.

Akuluakulu ena amaopa chifukwa amakumbukira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963. Mantha awo ndimawalemekeza. Magazi anakhetsedwa pa doko la Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, pamtunda woti minibasi yochoka pa depoti pano imafika dzuwa lisanatenthe. Koma chitaganya chija chinakhazikitsidwa eni dziko akukana, ndipo chinanyamula mphamvu kupita nazo kutali, ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Makolo athu ankakana kulamulidwa ndi anthu akutali osawadziwa. Amene akufuna mphamvu zibwere pafupi lero akupitiriza ndewu yomweyo.

Tiyeni titsegule malamulo aakulu a dziko lathu. Gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi, ndipo wolamulira amangozigwirizira malinga ngati anthuwo akumukhulupirira. Mawu amenewa sanagwe kumwamba. Anabwera ndi kalata ya maepisikopi a Katolika ya mu Malichi 1992, anabwera ndi Chakufwa Chihana amene anamangidwa atangotsika ndege mu Epulo chaka chomwecho, anabwera ndi amayi ndi abambo amene anasankha nyali, chizindikiro cha ndale za zipani zambiri, pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Amene analemba malamulo a 1994 ankadziwa bwino zimene mphamvu zounjikana mwa munthu mmodzi zinatichita. N'chifukwa chake anagawa boma m'nthambi zitatu, anaika malire a materemu awiri kwa pulezidenti, ndipo anaikamo zinanso zimene ambiri taiwala.

Munali gawo 64, lopatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito nthawi yake isanathe. Aphungu analifafaniza mu 1995. Munali Seneti, nyumba yachiwiri ya malamulo, momwe boma lililonse likanatumiza woliimira mmodzi ndi mfumu imodzi, kutanthauza kuti Chitipa ikanakhala ndi liwu lofanana ndi la Lilongwe. Sinakhalepo n'tsiku limodzi lomwe, ndipo mu 2001 inachotsedwa. Mu 1998 kunabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, n'kulonjeza kuti 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera izipita kumakhonsolo kukachita chitukuko. Tinavotera makhansala mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe mpaka 2014. Zaka 9 zathunthu, pomwe malamulo aakulu ali ndi mutu wonse wonena za maboma aang'ono! Mkati mwa zaka zomwezo, mu 2010, lamulo linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'makhonsolo, ndiponso kuti bwanamkubwa azisankhidwa ndi nduna. Tsono bwanamkubwayo aziopa ndani, anthu a m'boma lakelo kapena amene anamuika pampando?

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mphamvu ku anthu imene tinapatsidwa ndi fodya wapachala. Likulu likakondwa limatibwereka, likakwiya limauzira.

Pitani pa msika wa Zigwagwa m'mawa wa Juni, chifunga chili tolo. Mayi wogulitsa matimati asanagulitse ndi mulu umodzi womwe, wotolera ndalama za msika wafika kale, wang'amba katikiti, mayi wamasula mfundo ya chitenje n'kulipira. Mayi ameneyu amalipiranso msonkho pa sopo, pa mafuta ophikira, pa mayunitsi a foni, ndipo umenewo umapita m'thumba lalikulu. Mufunseni kuti ndi ndani angamugwire pa malaya ngati ngalande ya kwawo ku Masasa yatsekeka mvula ikubwera. Khansala anena kuti khonsolo ilibe ndalama, khonsolo inena kuti ikudikira ku likulu. Ndili ndi anansi anga, aphunzitsi opuma pantchito, amene amakwera basi ya usiku ulendo wa makilomita oposa 300, mapepala ali mu jumbo kuopa mvula, kukangofunsa kuti fayilo yawo yafika pati. Anaphunzitsa moyo wawo wonse kuno, koma siginecha yoti adye thukuta lawo ili kutali.

Za mabala a kumpoto sindichulutsa, eni ake amazinena bwino kuposa ine: Chitumbuka kuchotsedwa pa wailesi mu 1968, aphunzitsi kubwezedwa kwawo mu 1989, kota posankha ana opita kuyunivesite, msewu wa Rumphi kudzera ku Nyika kukafika ku Chitipa umene wakhala ukulonjezedwa kampeni iliyonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti chigawo chino chili ndi anthu pafupifupi 13 pa 100 alionse m'dziko muno. Pamene mavoti okha ndiwo akugawa chitukuko, ochepa amakhala kumapeto kwa mzere mpaka kalekale. Demokalase yeniyeni imalola ambiri kulamulira, komanso imateteza ochepa kuti asaponderezedwe.

Komabe pali pamene ndimasiyana ndi abale anga ena olimbikitsa fedulo. Sindikugwirizana ndi zoti tigawe ulamuliro m'zigawo zitatu, kumpoto, pakati ndi kummwera. Tikatero, Mzuzu idzasanduka Lilongwe wa munthu wa ku Chitipa ndi wa ku Likoma. Kumpoto kuno si kwa mtundu umodzi: kuli Atonga, Ankhonde, Alambya, Angoni, Asukwa, Andali ndi ena. Komanso tikajambula malire motsatira mitundu tidzakhala tikudzala chidani. Ethiopia inachita zimenezo m'malamulo ake a 1995, ndipo nkhondo ya ku Tigray ya 2020 mpaka 2022 tonse tinaimva. Palinso nkhani ya ndalama. Dziko losauka ngati lathu silingakwanitse nyumba za malamulo zitatu zowonjezera, nduna zake ndi midipiti ya magalimoto.

Ine ndimayang'ana ku Kenya. Malamulo awo a 2010 anakhazikitsa makaunti (zigawo za dziko) 47, iliyonse ndi bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, ndipo analemba kuti ndalama zosachepera 15 peresenti za boma zizipita kumeneko chaka chilichonse. Katangale sanathe, mwina anangosamukira pafupi, ndipo zimenezo sitiyenera kubisa. Koma wakuba amene mumapemphera naye tchalitchi chimodzi, amene voti yanu ingamuchotse, ndi wosavuta kumufunsa kusiyana ndi amene simudziwa n'komwe nkhope yake. Ife tili kale ndi maboma 28 ndi mizinda yathu. Tiyambire pamenepo. Mtsogoleri wa boma lililonse azisankhidwa ndi anthu ake, gawo la ndalama zopita kumakhonsolo lilembedwe ndi nambala m'malamulo aakulu, Seneti ibwerere, ndipo zonsezi ziikidwe pamalo poti aphungu paokha sangazikhudze. Wina akafuna azitcha fedulo, wina azitcha mphamvu ku anthu, ine dzina silikundivuta.

Ena amati zolembedwa papepala sizithandiza kuno kwathu. Nanga pa 3 Febuluwale 2020 chinachitika n'chiyani? Majaji 5 anatsegula malamulo omwewa, anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, n'kunena kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Kuchokera pamenepo palibe wofuna upulezidenti amene angadalire chigawo chake chokha, aliyense amayenera kubwera kuno kudzapempha. Mu 2002 bilu yochotsa malire a materemu inagwa m'Nyumba ya Malamulo chifukwa sinapeze mavoti okwanira magawo awiri mwa atatu.

Gawo 196 limanena kuti mfundo zikuluzikulu za malamulo athu sizisinthidwa popanda riferendamu. Ndiye nkhaniyi ituluke m'mahotela momwe amakambirana anthu a masuti okhaokha. Ifotokozedwe pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyawo, m'Chitonga, m'Chisena, m'Chilomwe ndi m'Chinkhonde, mbali zonse zimveke, kenako tivote. Phungu wa dera lathu akadzachititsa msonkhano, ine ndidzaimika dzanja n'kumufunsa ngati ali wokonzeka kukaimirira m'Nyumba ya Malamulo kupempha kuti gawo 64 ndi Seneti zibwezeretsedwe. Inunso kafunseni wanu, mudzatiuze zimene wayankha.