Komiki ya Robin inkakoma bambo ake a Tim ali moyo

Anzanga okonda makomiki a DC, ndiloleni ndinene zomwe ena a inu simuzifuna: komiki ya Robin inafera mu 2004, ngakhale kuti inapitiriza kusindikizidwa mpaka 2009.

Robin, mnyamata wothandiza Batman kulimbana ndi zigawenga, ndi wakalekale. Anaonekera koyamba mu Detective Comics nambala 38, mu 1940, Batman atangotha chaka chimodzi. Koma taganizani, mnyamatayu anadikira zaka zoposa 50 kuti akhale ndi komiki yakeyake yotchedwa dzina lake. Inde, kuyambira 1947 mpaka 1952 ankakhala ndi nkhani zakezake mu Star Spangled Comics, koma kumeneko anali wobwereka malo. Dick Grayson, Robin woyamba, anakula n'kutenga dzina latsopano la Nightwing mu 1984 asanaulawe mwayiwo. Jason Todd, Robin wachiwiri, ndiye musanene: mu 1988 a DC anauza owerenga kuti aimbe foni kusankha ngati afe kapena akhale moyo, ndipo ofuna imfa yake anapambana ndi mavoti 72 okha. Nkhanza zake!

Amene anadzatola mwayi ndi Tim Drake, Robin wachitatu, yemwe anabwera mu 1989. A DC anayamba ayesa kaye madzi ndi kankhani ka makope asanu mu 1991, kolembedwa ndi Chuck Dixon, zithunzi za Tom Lyle. Kanagulidwa kwambiri, anatulutsanso tina tiwiri, kenaka mu 1993 komiki ya mwezi ndi mwezi inayamba. Dixon analemba mpaka kope la 100.

Chimene Dixon anachigwira, chomwe ambiri omutsatira anachiphonya, n'chakuti Tim sanali mwana wamasiye ngati anzake aja. Mayi ake anali atamwalira, koma bambo ake, a Jack Drake, analipo, ndipo sankadziwa kanthu. Ndiye mwana ankayenera kuzemba pakhomo usiku, kubwerako m'bandakucha ali ndi mabala, n'kupeka bodza loti anene pa chakudya cham'mawa. Kusukulu akuwodzera. Chibwenzi chake, Ariana, chikudandaula kuti sapezeka. Batman weniweniyo amatha makope angapo osaoneka, koma iwe osamusowa n'komwe. Ine zigawenga zambiri zimene Tim ankamenyana nazo ndinaziiwala, koma mantha ake oti bambo ake amutulukira ndimawakumbukirabe. Ndi m'komiki yomweyi momwe Stephanie Brown, mnzake wa Tim wolimbananso ndi zigawenga, wotchedwa Spoiler, anatenga mimba ali mtsikana wapasukulu n'kupereka mwanayo kuti akaleredwe ndi ena. Nkhani yoteroyo m'buku la anthu ovala zophimba kumaso, cha m'ma 1998, sinali yamasewera.

Tsono onani za 2004. A Jack atulukira chinsinsi, amuletsa Tim, Tim amvera bambo ake n'kusiya. Mpaka apa zili bwino, ndiye mkangano umene takhala tikuudikira zaka zonsezi. Stephanie atenga malo, akhala Robin, koma makope atatu okha Batman wamuchotsa ntchito, ndipo posakhalitsa olemba amupha m'nkhani ya War Games. Chaka chomwecho a Jack nawo aphedwa, ndipo mwamva, osati m'komiki ya mwana wawo ayi, koma mu Identity Crisis, nkhani ya eni ake ena. Munthu amene owerenga Robin anakhala naye zaka khumi anakamuphera kwina kuti akometse malonda a buku lina.

Ena mudzati imfa zimenezi zinamukhwimitsa Tim. Ine ndikuti zinamusandutsa Batman wamng'ono, wokwiya, wopanda kwawo koti azikanamako, ndipo wotereyo tinali naye kale. Stephanie a DC anadzamubweza mu 2008 ponena kuti imfa ija inali yabodza, zomwe kwa ine zikungosonyeza kuti eni akewo anaona kuti anaphonya.

Komikiyo inatha pa kope la 183 mu 2009, ndipo chaka chomwecho dzina la Robin linapita kwa Damian Wayne, mwana wa Batman. Tim anapitiriza mu Red Robin, makope 26, mpaka 2011. Atamupatsanso komiki yake mu 2022, inangofika makope 10 basi. Amene mukufuna kuyamba kuwerenga, tengani za Dixon zija, mukafika pa 100 mudzasankhe nokha ngati mupitirire.