Phala labweza ana, koma za chisanu simunazikhudze

Mwalemba zoona kuti phala la kusukulu labweza ana ambiri m'kalasi. Kuno ku Dedza tikuziona ndi maso. Mdzukulu wanga wa Sitandade 2 akhoza kuiwala pensulo, koma kapu yake yapulasitiki ayi ndithu, anachita kuimangirira ndi kachingwe pachikwama. Amayife timasinthana kuphika. Tsiku langa ndimafika kusanache, nkhuni pamutu, utsi m'maso mpaka misozi, koma sindidandaula.

Chomwe mwasiya n'chisanu. Mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira zosaseweretsa, ndiye ana aang'onowa amakhala pansi pasimenti, mawindo ali pululu opanda magalasi. Zala zimachita kuuma, mwana n'kulephera kugwira pensulo. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 ana anachuluka, koma pasukulu yathu midadada ikadali yomwe ija. Njerwa tinaumba n'kuwotcha tokha chaka chatha amfumu atalamula, pano uvuni wamera udzu, simenti ndi malata kuli zii.

Komanso makolo anzanga, tsiku la msika lekani kutuma ana kukagulitsa kachewere. Aphunzitsi akamaitana mayina, theka la kalasi lili pamsewu ndi ndowa.